Kuchokera ku Mvera kufika ku Mponela: ndani wakhala akusula amisiri a ku Dowa?

Pamene abusa Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok ankafika ku Mvera, m'dera la mfumu Chiwere, kudzayamba mishoni ya Dutch Reformed Church mu November 1889, sanapeze dziko lopanda amisiri. M'midzi ya kwa Dzoole, kwa Kayembe ndi kwa Chakhaza, mpaka kukafika m'mapiri a Ntchisi, munali kale osula makasu ndi nkhwangwa, oumba mbiya, osema mitondo, ofufuta zikopa, oluka nkhokwe ndi malichero. Panalibe wa satifiketi. Mnyamata ankayamba ndi kupopa mvukuto pa chipala cha atsibweni ake, zaka n'kumapita, mpaka tsiku limene mkuluyo ankaona kuti dzanja lakhwima n'kumupatsa nyundo. Mtsikana ankadziwa dothi la mtapo poperekeza agogo ake kudambo. Mayeso analipo, ndipo sankamvera munthu chisoni: khasu likapindika pa mphanje yoyamba, kapena mbiya ikang'aluka pamoto, mudzi wonse unkadziwa mwini ntchitoyo dzuwa lisanalowe.

Maphunziro amenewo sankaphonya chifukwa wophunzitsa, wopereka ntchito ndi wogula katundu ankakhala m'mudzi umodzi, nthawi zina n'kukhala munthu mmodzi yemweyo. Palibe amene ankasula chinthu chimene anthu sankachifuna. Zaka zoposa 130 zimene zadutsapo ndi mbiri ya kutalikirana kwa anthu atatuwa, komanso ya mipingo, maboma ndi mabungwe amene akhala akuyesa kuwakumanitsanso. Lero nkhaniyi imakambidwa m'mahotela a ku Mponela, kumene misonkhano ya akuluakulu ochokera ku Lilongwe siitha. Koma funso lake ndi lakalekale: mwana wa kuno akuphunzitsidwa kuti adzagwirire ntchito ndani, nanga mwini ntchitoyo ali kuti?

Baibulo ndi khasu

Woyamba kulemba anthu ntchito ya pamwezi m'mapiri amenewa inali mishoni yomweyo. Azungu a ku Mvera ankafuna njerwa, matailosi, zitseko, mabenchi ndi mabuku, ndipo zonsezi sizikanatheka kuzisenza pamutu kuchokera kunyanja. Choncho anaphunzitsa anyamata kuumba ndi kuwotcha njerwa, kucheka matabwa, kupala, kumanga ndi kusindikiza. Robert Blake atatsegula siteshoni ya Kongwe mu 1894, ntchito zomwezi zinafikanso kumeneko, kenako ku Chinthembwe ku Ntchisi. Ku Mvera kunali makina osindikizira mabuku, ndipo n'komweko kumene William Murray ndi anzake, akuda ndi oyera, anagwira gawo lalikulu la ntchito yomasulira Buku Lopatulika, lija linatuluka mu 1922. Pamwamba pa zonse mishoni inkafuna aphunzitsi a masukulu a m'midzi, amene analinso alaliki, ndipo inawasula ambirimbiri likulu lake lisanasamukire ku Nkhoma.

Apa maphunziro ndi ntchito zinkayendera limodzi, poti wophunzitsa ndiye ankalembanso ntchito. Koma mishoni sikanatha kulemba onse, ndipo otsala aja inali nawo maganizo akeake. A Dutch ankakhulupirira kuti Mkhristu wabwino ndi wokhala m'mudzi mwake, wolima bwino, wodziwa kuwerenga Mawu m'chilankhulo chake, wokhala ndi kaluso ka m'manja komuthandiza kupeza ya msonkho ndi ya sopo. Ankaphunzitsa ulimi, kuluka, kusoka nsapato, kupanga sopo, kupota thonje. Chingerezi ankachipereka mowuma manja, poopa kuti chikokera anyamata kutauni kumene akatayike.

Kumpoto zinthu zinali zina. Robert Laws atatsegula Overtoun Institution ku Khondowe mu 1894, ankaphunzitsa ukalipentala ndi zomangamanga, inde, koma ankaphunzitsanso Chingerezi chozama, kusunga mabuku a ndalama ndi kutumiza mauthenga pa telegalafu. Ana a ku Livingstonia ndi a ku Blantyre Mission ndiwo anadzaza maofesi a boma ndi a makampani, osati kuno kokha koma mpaka ku Rhodesia, ku Katanga ndi ku South Africa. Clements Kadalie, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali mmodzi wa iwo.

Nthumwi za Phelps-Stokes zitayendera Nyasaland mu 1924, zinayamikira kwambiri njira ya a Dutch, n'kunena kuti maphunziro oyenera Mwafirika ndi otero, ogwirizana ndi moyo wa kumudzi. Boma la atsamunda, limene linakhazikitsa dipatimenti yake ya maphunziro mu 1926, linakondwa ndi maganizo amenewo, mwinanso chifukwa anali otsika mtengo. Amene sanafunsidwe ndi mnyamata wa kwa Dzoole. Iye ankaona ndi maso ake kuti kalaliki wa pa boma la Dowa, wovala kolala ndi nsapato, anali wochokera kutali, pamene iye mwini dera ankatha kuluka mpando koma osatha kulemba kalata yofunsira ntchito. Sitinganene kuti a mishoni anali ndi mtima woipa, ndipo zambiri zimene ankaphunzitsa zinali zothandiza. Cholakwika chinali kumusankhira munthu malire a moyo wake, kumuphunzitsa za mudzi umene chuma cha atsamunda chinali chitayamba kale kuuphwasula.

Msonkho, fodya ndi Joni

Chimene chinkaphwasula mudziwo ndi msonkho. Boma linkafuna ndalama ya nyumba iliyonse, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 linaika lamulo loti amene wagwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi azidula theka lokha. Amuna a chigawo chapakati anayamba kuyenda wapansi ulendo wa masabata kupita ku maesiteti a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje, ena n'kupitirira mpaka ku Halale. Olemba ntchito amenewa sankafunsa za sukulu. Ankafuna msana ndi mikono.

Kenako kunabwera fodya wa chikopa. A.F. Barron, amene anakhazikika ku Mbabzi pafupi ndi Lilongwe cha m'ma 1920, ndi mnzake R.W. Wallace, anayamba kugawa mbewu kwa alimi a m'midzi ndi kuwalangiza kalimidwe kake kuti adzawagule. M'zaka zochepa fodyayo anali atafalikira m'boma la Lilongwe ndi la Dowa, ndipo mu 1926 boma linakhazikitsa Native Tobacco Board kuti liziyang'anira ulimiwo. Ili ndilo bungwe limene, litasintha mayina kangapo, linadzakhala ADMARC mu 1971. Tikanena zoona, fodya ndiye anaphunzitsa anthu ambiri a kuno luso kuposa sukulu iliyonse ya nthawi imeneyo. Kufesa nazale, kuwokera, kudulira, kuphukira, kusoka, kufukiza m'chigafa, kusankha masamba ndi kumanga zindindi, zonsezi zinkafuna diso ndi dzanja, ndipo wogula ankakhoza kapena kulepheretsa mlimi ndi mtengo wa pasikelo. Apa napo maphunziro ankagwirizana bwinobwino ndi zofuna za wogula. Vuto linali lakuti mtengo ankaudula wogulayo yekha. Makolo ambiri ataona kuti mwana ndi wothandiza pa nazale, sanaone chifukwa chomutumizira kusukulu ya mishoni, makamaka poti sukuluyo inkalimbana ndi dambwe. Mabala a mkangano umenewo sanapoleretu.

Sukulu ina inali ku Joni. Bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi la Wenela linkanyamula anyamata, kuwayeza m'chifuwa, kuwaphunzitsa Chifanakalo ndi kugwira fosholo, n'kuwatsitsa mumgodi. Kumeneko munthu ankatha kugwira zaka khumi n'kuidziwa ntchito kuposa kapitawo wake, koma malamulo a tsankho, kuyambira Mines and Works Act ya 1911, ankasungira azungu ntchito zonse zaluso. Matchona ankabwera ndi njinga, wailesi, jekete ndi makina osokera, ena ndi chifuwa chosapola, koma pepala losonyeza zimene ankadziwa analibe. Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, Dr Kamuzu Banda analetsa ulendowu. Unayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, n'kudzatheratu mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Telala wakale wa pakhonde la sitolo ku Madisi kapena ku Mponela, ukafufuza bwino, makina ake oyamba nthawi zambiri anachokera ku ndalama za ulendo umenewo.

Nthawi ya Kamuzu

Dziko litalandira ufulu mu 1964, linapeza kuti lilibe amisiri okwanira, ndipo kumangidwa kwa likulu latsopano ku Lilongwe kunaonetsa poyera kusowako. Bungwe la Capital City Development Corporation linayamba ntchito mu 1968, likulu n'kusamuka ku Zomba mu 1975. Kenako kunabwera mafakitale a ku Kanengo ndi bwalo la ndege la ku Lumbadzi, pakhomo penipeni pa Dowa. Kwa nthawi yoyamba, ntchito zambiri za malipiro zinali pa mtunda woti munthu wa kwa Mkukula kapena kwa Dzoole n'kupita pa njinga. Ambiri analowa ngati othandizira, kukanya matope ndi kuponya njerwa, n'kutuluka ali mabilikileya.

Imeneyi ndiyo nthawi imene akuluakulu opuma ntchito amaikumbuka ndi mtima wonse, ndipo ali ndi chifukwa. Dongosolo la maapulentisi linkayamba ndi kampani. Mnyamata ankatengedwa ndi ESCOM, Malawi Railways, PVHO, David Whitehead kapena kontilakita wina, n'kusainirana pangano la zaka zingapo. Miyezi ina ankakhala m'kalasi ku Lilongwe Technical, Namitete kapena Soche, yotsalayo ali mu ovolosi pansi pa mmisiri wamkulu wa kampaniyo. Unduna wa za ntchito unkayesa mayeso a Trade Test, kuyambira Giredi 3, kukwera Giredi 2, mpaka Giredi 1, ndipo munthu wa Giredi 1 ankayenda mosiyana ndi anzake. Kwa ofuna kupitirira kunali Polytechnic ku Blantyre, yotsegulidwa mu 1965. Palibe ankadandaula kuti wophunzira watuluka osadziwa makina a kuntchito, poti makina amene ankaphunzirira anali a kuntchito komweko.

Koma tisakometse mopitirira. Khomo limenelo linali laling'ono. Ankalowa ochepa, pafupifupi onse amuna, ambiri a m'tauni kapena amene anali ndi mbale wowauza kuti kwatuluka malo. Mtsikana wa ku Nthondo kapena ku Malomo ankaphunzira zosoka ndi zophika, ngati wafika n'komwe kusukulu. Kwa achinyamata a kumudzi boma linali ndi yankho lina, la Malawi Young Pioneers, limene linayamba mu 1963 mothandizidwa ndi alangizi a ku Israel. M'mabesi awo, amene anafalikira pafupifupi boma lililonse, ankaphunzitsa ulimi wamakono, ukalipentala, zomangamanga ndi umakaniko, pamodzi ndi perete ndi kumvera. Alipo amisiri abwino amene anachokera kumeneko. Koma mwini wake weniweni wa maphunzirowo chinali chipani, ndipo anthu anayamba kuwadziwa a Payoniya ndi makadi ndi zibonga kuposa mapulani ndi macheka. Asilikali atawalanda zida pa Operation Bwezani mu December 1993, mashopu ophunziriramo anagwera limodzi ndi bungwelo. Tinataya nkhwangwa ndi mpini womwe.

M'zaka zomwezo, mu 1981, Kamuzu anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, kufupi ndi malire a Kasungu ndi Ntchisi, kumene ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki. Uthenga umene makolo anamva, ngakhale panalibe anaulankhula, unali woti mwana wanzeru ndi wa buku, ndipo ntchito zamanja ndi za amene sukulu yawakana. Maganizo amenewo akadali ndi moyo m'nyumba zambiri.

Ana anachuluka, makampani anachepa

Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana olembetsa anakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ngakhale kuti ambiri anaphunzirira pansi pa mitengo ndi aphunzitsi amene nawonso anali asanapite kukoleji. Masukulu a MCDE anasanduka ma CDSS, ndipo sekondale inafika m'midzi imene kale inkangoimva. Koma nthawi yomweyo makampani a boma ankagulitsidwa kapena kuchepetsa antchito, potsata malangizo a World Bank ndi IMF. Amene ankatenga maapulentisi aja anasiya. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa balei, ndalama zinalowa m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi, nyumba zamalata zinamera, ndipo zinafuna omanga, okhoma madenga, owotcherera mafelemu ndi okonza ngolo. Anthu amenewa sanachokere kukoleji. Anaphunzitsana okhaokha.

Bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja la TEVETA linabadwa m'nyengo imeneyi, ndi lamulo la 1999. Maganizo ake anali omveka: olemba ntchito ndiwo amapindula ndi amisiri, choncho azisonkha ndalama zophunzitsira, komanso azikhala ndi mawu pa zimene zikuphunzitsidwa. Lero wolemba ntchito amayenera kupereka 1 peresenti ya malipiro a antchito ake ku thumba la TEVETA. Silabasi inasintha kuti wophunzira aziyesedwa pa zimene angathe kuchita ndi manja, osati zoloweza zokha, ndipo oimira makampani amaitanidwa poilemba. Koma chinthu chimodzi chinatembenuka mwakachetechete. Kale kampani inkayamba yatenga mnyamata, kenako n'kumutumiza kukoleji. Tsopano koleji ndiyo imayamba kutenga, kenako wophunzira n'kumayendayenda ndi kalata kufunafuna malo a atachimenti. Kwa zaka zambiri kunalinso mapepala atatu opikisana, la Trade Test, la Malawi Craft la MANEB ndi la TEVETA, mpaka olemba ntchito ankasokonezeka kuti lenileni ndi liti, boma lisanayambe kuwaphatikiza.

Malo nawo anali ochepa. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja anali asanu ndi awiri okha dziko lonse: Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Ku Dowa ndi ku Ntchisi kunalibe. Ndipo khomo lolowera linali MSCE, pepala limene ana ambiri a kuno salifika. William Kamkwamba, amene anabadwira ku Dowa mu 1987 n'kukulira ku Wimbe m'boma la Kasungu, anasiya sekondale chifukwa cha njala ya 2002, n'kupanga makina amphepo opangira magetsi ndi zitsulo zotola kudzala. Dziko lonse lapansi linamudziwa. Koma pa tsiku limene ankamanga makinawo, akanakhala kuti anafunsira malo a zamagetsi kukoleji ya boma, fomu yake sikanadutsa pa tebulo loyamba.

Koleji ifika pakhomo

Mu 2015 boma la Peter Mutharika linakhazikitsa makoleji a ntchito zamanja a m'madera, mwambo wake unachitikira ku Ngara m'boma la Karonga, ndipo Mponela inapeza yake. Ena mwa makolejiwa anatsegulidwa m'nyumba zakale za a Payoniya zomwe zija. M'makoleji otere mumaphunzitsidwa zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kusoka ndi zina zotero, ndipo ubwino wake waukulu ndi woti mwana angathe kuphunzira akugona kwawo kapena kwa achibale. Atsikana ovala zipewa zolimba ndi magalasi owotcherera, amene kale anali chodabwitsa, tsopano akuoneka. Mabungwe akunja anathirapo ndalama: European Union kudzera mu pulogalamu ya STEP, kenako World Bank ndi pulojekiti ya SAVE ya madola 100 miliyoni mu 2021, chaka chomwe masomphenya a Malawi 2063 anakhazikitsidwa.

Zonsezi n'zoyamikika. Koma tiyeni tiike manambala pambali pake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 310,000 ku Ntchisi, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana ndi achinyamata. Koleji imodzi kapena ziwiri sizingamwetse khamu lotere. Chachiwiri, kafukufuku wa boma wa za ntchito wa 2013 anaonetsa kuti mwa Amalawi khumi aliwonse ogwira ntchito, pafupifupi asanu ndi anayi ali pa ntchito zosalembetsedwa: m'munda, pamsika, pa ganyu, m'shedi ya m'mbali mwa msewu. Tikamanena za zofuna za olemba ntchito, ndiye tikunena ndani? Pa tebulo la zokambirana pamakhala mabungwe a olemba ntchito ndi amalonda monga ECAM ndi MCCCI, komanso makampani akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe. Iwo ali ndi ufulu wonse wokhalapo, poti ndiwo amasonkha. Koma mwa ana zana limodzi a kwa Dzoole, ndi angati adzalowe pa geti ya fakitale ku Kanengo?

Wolemba ntchito weniweni wa kuno ndi wina. Ndi mwini galaja ya njinga zamoto za kabaza, amene ali ndi anyamata atatu omugwirira sipanala. Ndi mayi wa makina anayi osokera amene amapeza oda ya mayunifolomu sukulu zikamatsegulidwa. Ndi wowotcherera amene amapanga mageti, mawindo ndi ngolo, magetsi akazima n'kukhala pansi kudikira. Ndi mwini chigayo, mwini makina osenda mtedza ndi opuntha soya, kopaletivi ya alimi imene pampu yake ya sola yaima chifukwa wodziwa kuikonza ali ku Lilongwe. Anthu amenewa ndiwonso aphunzitsi a amisiri ambiri amene mukuwaona kuyambira ku Lumbadzi, Mponela, Madisi mpaka pa boma la Ntchisi. Amatenga mwana wa mlongo wawo kapena wa mnansi, wa Sitandade 8 kapena wa Fomu 2, osamufunsa pepala. Mwanayo amayamba ndi kusesa ndi kutumidwa, kenako kumasula mabawuti, kenako tsiku lina amapatsidwa injini yonse.

Maphunziro a pashedi ali ndi zilema zake, ndipo tisazibise. Mbuye wa ntchito amaphunzitsa zimene iye akudziwa basi, pamodzi ndi zolakwa zake. Ambiri sadziwa kuwerenga pulani kapena kuwerengera mtengo wa ntchito, n'chifukwa chake amalandira ndalama ya kasitomala wachiwiri kuti amalizire ntchito ya woyamba. Anyamata amawotcherera ndi magalasi a dzuwa, maso n'kumafiira usiku wonse. Ena amasunga wophunzira zaka zambiri osamulipira, namubisira luso lenileni poopa kuti adzawalanda makasitomala. Atsikana sapezako malo kawirikawiri kupatula ku utelala ndi ku saluni. Izi ndizo zimene koleji ikanathandiza kukonza. TEVETA ili nawo mapulogalamu a amisiri a m'midzi, komanso njira yoyesa munthu amene anaphunzirira pantchito kuti alandire satifiketi. Kungoti mbali imeneyi imaoneka ngati yapambali, pamene ndiyo inayenera kukhala pakati. Kulemba silabasi ya achinyamata a ku Dowa osafunsa eni mashedi amenewa kuli ngati kusoka malaya mwini wake osamuyeza.

Pali phunziro lina pafupi pomwepa limene sitiliyang'ana. Dzaleka, imene nthawi ya Kamuzu inali ndende, inasanduka kampu ya othawa kwawo mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000 ochokera ku DRC, Burundi, Rwanda ndi maiko ena. M'kampumo ndi m'mbali mwake mabungwe monga There Is Hope ndi Jesuit Refugee Service akhala akuphunzitsa ntchito zamanja ndi zamakompyuta, ndipo Amalawi a midzi yozungulira amaphunzira nawo. Koma malamulo athu salola wothawa kwawo kugwira ntchito momasuka kunja kwa kampu, ndipo mu 2023 boma linabweza ku Dzaleka amene ankachita malonda m'matauni. Ndiye m'boma limodzi lomweli muli amisiri ophunzitsidwa amene saloledwa kulembedwa ntchito, ndi achinyamata ololedwa kugwira ntchito amene alibe wowaphunzitsa.

Chakumapeto kwa 2023 komweko, gulu loyamba la achinyamata oposa 200 linakwera ndege kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel, dziko lomwe lija linatithandiza kuyambitsa a Payoniya. Anthu akale a kuno sanadabwe. Anaziona ndi Wenela: wolemba ntchito ali kutsidya, akufuna mikono, ndipo ife tikumutumizira. Palibe cholakwika kuti munthu akasake ndalama kunja. Koma ngati abwerako ndi luso la ulimi wothirira ndi wa m'magilinihausi, kodi pali amene akumudikira kuti amuyese, amupatse pepala, amulumikize ndi alimi a m'madambo a Bua ndi Kasangadzi? Kapena adzangokhala mtchona wina wobwera ndi foni ndi njinga yamoto?

Ntchito zikuluzikulu zikudutsa m'boma lino. Msewu wa M1 wakhala ukukonzedwa, ndipo mapaipi a madzi ochokera kunyanja ku Salima kupita ku Lilongwe njira yake ndi ya ku Dowa. Ntchito zotere zimadziwika zaka zingapo zisanayambe. Nthawi imeneyo ndi yokwanira kuphunzitsa owotcherera mapaipi, oyendetsa makina ndi oyeza malo ochokera m'midzi yomwe ntchitoyo idzadutse. Tikachedwa, ana a kuno amapatsidwa mbendera yofiira yoimitsira magalimoto, amisiri n'kuchokera kwina, monga zinalili ndi kalaliki wa pa boma zaka zana zapitazo.

Kwa makolo a kwa Dzoole, kwa Msakambewa, kwa Kalumo ndi kwa Chilooko: mwana akasankha sipanala kapena chopalira matabwa, sanalephere. Mufunseni kokha kuti akuphunzira kwa yani, ndipo pomaliza adzayesedwa ndi ndani. Kwa makhonsolo a Dowa ndi Ntchisi, pamodzi ndi TEVETA ndi akuluakulu a makoleji, ntchito yoyamba siifuna ndalama za World Bank. Awerengeni amisiri a m'misika yanu, mudziwe kuti akuphunzitsa ana angati ndipo akusowa luso lanji. Aitaneni pokonza maphunziro, muwatsegulire mashopu a koleji Loweruka ndi nthawi ya tchuthi, mubweretse mayeso a satifiketi ku Mponela, ku Madisi ndi ku Malomo m'malo modikira kuti iwo atseke shedi n'kukwera minibasi. Kuwapeza si kovuta. Anthu anu odula matikiti a pamsika amawayendera tsiku lililonse.